Kodi tiwaletse agogo kuphunzitsa limba?

Mayi wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg wanditumizira imelo. Agogo ake a ku Kasungu ali ndi zaka 89, ndipo mpaka lero akuphunzitsabe ana kiyibodi pakhonde masana, Lamulungu n'kumakaimbira mpingo. Ali ndi BP, khutu limodzi silikumvanso bwino, ndipo nthawi zina amasokoneza mayina a zidzukulu. Abale akhala pansi n'kugwirizana zowaletsa, ati apumule. Iye akufunsa ngati nayenso avomereze, popeza ndiye amatumiza ndalama kumudzi ndipo mawu ake amamveka.

Achemwali, musavomere. Ndayamba ndi yankho dala, chifukwa ndikangoyamba kufotokoza ndipita nazo kutali. Kalata yanu yandigunda pachilonda.

Agogo anga, obereka mayi anga, anatisiya ali ndi zaka 95, ndipo nawonso ntchito yawo inali yomweyo. Anabadwira kufupi ndi mishoni ya Domasi, imene amishonale a ku Scotland anatsegula mu 1884. Ali mtsikana ankathandiza ntchito m'nyumba ya mayi wina wachizungu pamishonipo, ndipo pabalaza panali kalimba kopopa ndi mapazi. Madzulo mayi uja akamaimba, iwo ankaima pakhomo ndi mbale m'manja, maso ali pa zala. M'mawa popukuta fumbi ankabwereza zimene anaona dzulo. Limba la mtunduwu sililira ukapanda kupopa, choncho ankayendetsa zala pa makiyi popanda womva, nyimbo ikumveka m'mutu mwawo mokha. Tsiku lina phazi linaiwala, linapopa, nyumba yonse n'kudzaza nyimbo. Iwo ankati basi ntchito yatha. Koma mayi uja anangokoka mpando n'kuwauza kuti ayambirenso pachiyambi.

Masiku amenewo ana a sukulu za mishoni ankaphunzira kuimba ndi do, re, mi, njira imene m'busa wa ku England, John Curwen, anaifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840 atatengera kwa mayi wina wa ku Norwich, Sarah Glover. Njira imeneyi ndiyo inalera makwaya athu, ndipo ubwino wake ndi woti sifuna chida chilichonse, bolodi ndi choko basi. Koma woimba limba amafunikanso kudziwa manotsi enieni, timadontho takuda tokhala pa mizere isanu. Agogo ankadziwa zonse ziwiri, ndipo ankatha kutenga nyimbo ya manotsi n'kuilembera kwaya m'do re mi, mawu onse anayi, sopulano, aluto, tena ndi besi, pa pepala la m'kope, ndi pensulo yosongoledwa ndi lezala. Anthu otere atsala angati m'dziko muno?

Anakwatiwa ndi kalaliki wa boma ku Zomba. Njala ya 1949 inawapeza ali ndi mwana kumsana, ndipo mwanayo sanaione mvula ya chaka chotsatira. Pa ana awo asanu ndi awiri, atatu anawaika m'manda iwo ali moyo, awiri mwa iwo m'zaka zija Edzi inkatha anthu, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004. Ndikunena izi kuti musaganize kuti moyo wautali umabwera kwa amene sanaone mavuto. Agogo anawaona mavuto, ndipo ine sindinawamvepo akunena kuti Mulungu wawalakwira. Tambala woyamba akalira ankagwada pambali pa bedi n'kuyamba kutchula mayina, mwana aliyense, mdzukulu aliyense, ophunzira awo, odwala a mumpingo, mpaka mnyamata amene anawabera nkhuku. Ife ogona nawo chipinda chimodzi tinkadikira kumva dzina lathu, kenako n'kugonanso. Bulauzi yoyera ya Mvano ndi duku lake ankasita okha ndi simbi ya makala, osalola wina kukhudza. Maliro akagwa, iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo m'nyumba ya siwa, ndipo akaiyamba inkakhala pamalo pake, yosakwera kwambiri moti amayi n'kulephera kuifikira.

Piyano inabwera dziko litalandira ufulu mu 1964, azungu ogwira ntchito m'boma akulongedza kubwerera kwawo. Wina anagulitsa yake motchipa chifukwa kuikweza sitima kunali kodula kuposa mtengo wake. Agogo aamuna anatenga ndalama zimene ankasungira malata n'kukagula. Abale anawaseka kuti nyumba ikudontha koma m'katimo muli chida cha kwa bwanamkubwa. Inafika pa lole, ndipo anaitsitsa amuna a mzere wonse wa nyumba, thukuta lili kamukamu.

Kusunga piyano ku Zomba si masewera. Ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, ndipo m'kati mwake muli mawaya oposa 200 okokedwa mwamphamvu, kwinako n'kukhala matabwa, nsalu zaubweya ndi guluu. Zonsezi zimadana ndi chinyontho, pamene m'munsi mwa phiri lija mvula ikayamba ngakhale machesi amakana kuyaka. Makiyi ankafufuma n'kumakanirira pansi. Agogo anaikitsa babu laling'ono m'kati, kumunsi, kuti liziumitsa matabwa. Ankaisuntha kuti isagunde khoma poopa chiswe, ndipo Loweruka lililonse ankatsegula chivundikiro cha kumunsi n'kuunika ndi tochi ngati makoswe sanayambe kudya nsalu za tinyundo. Wochuna ankachokera ku Blantyre, ndipo pankadutsa zaka asanabwere. Kiyi imodzi ya kumanzere inafa ndithu, moti tonse amene tinaphunzira pa piyano imeneyo tinakula tikudziwa kuilumpha.

Phunziro linkayamba ndi kusamba m'manja, kuonetsa zikhadabo, kenako pemphero lalifupi. Akatero ankakuuza kuti upinde zala ngati wafumbata dzira, n'kukuika ndalama yachitsulo ya 10 tambala pamwamba pa dzanja. Ikagwa, uyambirenso. Sankamenya mwana, koma ankatha kukubwezera mzere umodzi mpaka dzuwa kupendeka, akugogoda pansi ndi phazi, akuti, "Usathamange, mwanawe, mpingo uli ndi okalamba, nawonso afike." Malipiro analibe mtengo wokhazikika. Ana a mabwana ankabwera ndi envulopu, ena ndi nkhuku, mazira, phava la nthochi, ena chimanjamanja, ndipo onse ankakhala pa mpando umodzimodzi womwewo. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ophunzira ambiri anapita ndi makolo awo, koma m'malo mwawo munabwera aphunzitsi a kwaya, ana a abusa ndi anyamata a m'midzi yozungulira amene ankayenda pansi mtunda wautali.

Apa ndiloleni ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhaniyi imandidya mumtima. Pitani m'matchalitchi athu ambiri lero. Mupeza mnyamata wadina batani, kiyibodi ikudziimbira yokha ng'oma ndi besi, iye n'kumangogwira makodi atatu omwewo nyimbo iliyonse. Nyimbo ikakwera, m'malo mosintha zala amadina batani lina losamutsa mawu. Masipika ali pamwamba zedi, moti mayi wokhala pabenchi yachitatu sakudzimva yekha, ndipo pang'ono ndi pang'ono mpingo wasiya kuimba, ukungoonerera. Anyamatawa sindikuwada, khutu ali nalo ndipo mtima wotumikira ali nawo. Chimene akusowa ndi munthu wowakhazika pansi n'kuwauza kuti woimba limba ntchito yake ndi kunyamula mpingo. Ndiye inu muli naye munthu woteroyo m'banja mwanu, wamoyo, ana akubwera okha pakhonde pake, ndipo mukufuna kumutseka pakamwa? Onaninso kuti ndi amayi angati amene mumawaona atakhala pa kiyibodi m'tchalitchi. Kamtsikana kamene kakuona agogo anu akuimba kakuphunzira kuti mpandowo si wa amuna okha.

Tsono ndifike pa chimene chinatichitikira ife. Ali ndi zaka 88, agogo anaterereka kubafa n'kuthyoka dzanja lamanzere. Ana awo anachita msonkhano, ngati wanu womwewo, ndipo chigamulo chinali chakuti asamukire ku Lilongwe kwa amalume, kumene kuli nyumba ya mpanda, wantchito ndi chipatala pafupi. Agogo sanaitanidwe pamsonkhanopo. Anangouzidwa kuti alongedze. Piyano inatsala, ati ndi yolemera ndipo pabalaza palibe malo, tidzaitenga. Nyumba ya ku Zomba inatsekedwa, babu lija linazima, mvula inabwera, chiswe chinalowa. Pamene wina anakatsegula, kumbuyo konse kunali dothi lokhalokha.

Amalume ankawakonda mayi awo, ndipo chilichonse chimene ndalama ingagule anawagulira. Koma ndinawaona agogo m'nyumba imeneyo. Ankawadzutsa, kuwasambitsa, kuwakhazika pa sofa kutsogolo kwa TV, geti n'kutsekedwa, aliyense n'kupita kuntchito ndi kusukulu. Akafuna kutsuka kapu, "Siyani agogo, mugwa." Akafuna kusesa, "Pumulani agogo." Kutchalitchi ankapita pa galimoto ndipo ankakhala kumbuyo, palibe amene ankadziwa kuti mayi wokalambayu anaimbira mpingo zaka zoposa 60. Dzanja linapola bwinobwino koma munthu ankatha. Anayamba kusiya nsima m'mbale, kugona masana, kufunsa kuti lero ndi lachingati. Abale ankangoti ndi ukalamba. Ine ndimakana mpaka lero. Chaka chimodzi m'mbuyomo mayi yemweyu ankadziwa kuti Lachiwiri kubwera ana awiri a kwa abusa, Lachisanu kubwera mphunzitsi wa kwaya, ndipo ankadzuka kukonzekera. Mukamulanda munthu chifukwa chodzukira, masiku onse amafanana, ndiye awasiyanitse bwanji?

Anatipulumutsa ndi kamtsikana ka nyumba yoyandikana, ka Sitandade 6, kamene bambo ake anakagulira kiyibodi yaing'ono ya makiyi 61. Kankailiza madzulo alionse, molakwitsa, malo amodzimodzi. Tsiku lina agogo analephera kupirira. Anatuma wantchito kuti akakaitane pamodzi ndi chidacho. Anakasambitsa m'manja, anapemphera, anaitanitsa ndalama yachitsulo. Kiyibodiyo ankaidandaula kuti ndi yopepuka, makiyi ake alibe mphamvu ndipo kumanzere imathera panjira, koma pasanathe mwezi ana anali atatu, kenako asanu, ndipo agogo anayambiranso kufunsa ngati bulauzi yawo yachapidwa. Anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi akuphunzitsa. Chakumapeto mayina athu ankawasokoneza, ine ankanditchula dzina la mayi anga, koma ukawaikira zala pa makiyi, nyimbo yonse inkatuluka, mavesi onse, popanda buku.

Zimenezi si zachilendo. Madokotala akhala akuona kuti anthu odwala matenda oiwala, monga Alzheimer's, kawirikawiri amasungabe nyimbo zimene anaphunzira kale ngakhale mayina ndi masiku zitawathawa. Choncho agogo anu akasokoneza dzina la mdzukulu, sizikutanthauza kuti sangaphunzitsenso mwana kugwira makiyi.

Ndipo pali china chimene tiyenera kuchinena poyera, ngakhale ndi chowawa. Kwathu kuno munthu wokalamba akayamba kuiwala, kuyankhula yekha kapena kusochera usiku, pamapezeka wina wonong'ona kuti ndi mfiti. Mu Januwale 2016, ku Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe, ati ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo lili m'mabuku, pamene mphekesera zili pachitsime. Gogo amene ana a m'mudzi amabwera kwa iye masana alionse, amene makolo amamudziwa kuti ndi aphunzitsi a mwana wanga, amene mpingo umamuona kutsogolo Lamulungu lililonse, ali ndi mboni zambiri. Gogo wotsekeredwa m'nyumba, wongoonekera pawindo, ndiye amene anthu amayamba kumupekera nkhani. Tinkati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma lero moto tikuuyatsa pa iwo omwe. Mukawachotsa agogo anu pakati pa anthu mukhala mutawachotseranso chitetezo.

Pamene ndimawerenga kalata yanu ndinakumbukira Emahoy Tsegué-Maryam Guèbrou wa ku Ethiopia. Anabadwira ku Addis Ababa mu 1923, anaphunzira nyimbo ali mwana ku Switzerland, anatengedwa ukapolo ndi Ataliyana pamodzi ndi banja lake, kenako anakhala sisitere n'kukhala zaka pafupifupi khumi osavala nsapato kunyumba ya masisitere ya paphiri. Anabwerera ku piyano, anapeka nyimbo zake, ndipo ndalama za malekodi ake oyamba zinathandiza ana amasiye. Zaka zake zomaliza anakhala ku Jerusalem, m'kachipinda kokhala ndi bedi ndi piyano, mpaka anamwalira mu Malichi 2023 ali ndi zaka 99. Palinso Alice Herz-Sommer, wobadwira ku Prague mu 1903, amene anapulumuka kundende ya Theresienstadt nthawi ya Hitler, naphunzitsa piyano zaka zambiri ku Jerusalem, ndipo anali kuimbabe tsiku ndi tsiku m'nyumba yake ku London atapitirira zaka 100. Anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 110. Sindikunena kuti piyano ndi mankhwala otalikitsa moyo, ayi, oimba ambiri anafa ali anyamata. Ndikunena kuti amayi awiriwa palibe amene anawatsekera chivundikiro n'kuwauza kuti zakwana.

Popeza banja lanu ndi lopemphera, auzeninso abalewo atsegule Baibulo. Ana mneneri wamkazi, pa Luka 2, anali mayi wamasiye wokalamba kwambiri, ndipo sankachoka m'Kachisi usana ndi usiku, n'chifukwa chake anali pomwepo pamene khanda Yesu linabweretsedwa. Salimo 92 limanena za olungama amene amabalabe zipatso atakalamba. Paulo, polembera Timoteo, amatchula dzina la agogo ake, Loisi, monga kumene chikhulupiriro cha mnyamatayo chinayambira. Kwa mayi ngati agogo anu kuimbira mpingo ndi pemphero lawo, ndi nsembe imene atsala nayo yopereka. Ine sindikuona mdzukulu amene ali ndi ulamuliro wowauza kuti Mulungu sakuifunanso.

Ndipo ndinene mosabisa, chifukwa inu muli kunja ndipo ndinu wotumiza ndalama. Kawirikawiri tikamati gogo apumule, amene tikufuna kupumula ndife. Tikufuna foni isalire usiku, tikufuna anthu asadzanene kuti mdzukulu ali ku Joni koma agogo ake akuyenda pansi. Mantha amenewo ndi enieni, sindikuwapeputsa. Koma ndi athu, ndipo si chilungamo kuti awalipire ndi gogo.

Nanga BP, khutu ndi kuiwalako?

Izi zithetsedwe chimodzichimodzi, osati kuzimanga mtolo umodzi n'kuutcha ukalamba. BP ayezetse pafupipafupi ndipo mankhwala asadukize. Kamakina koyezera kunyumba mungathe kugula komweko n'kutumiza. Khutu akalionetse kuchipatala, chifukwa nthawi zina ndi phula chabe latseka, ndipo likakhala vuto lenileni tilipo timakina tothandiza kumva. Maso nawonso akapimidwe. Ng'ala imachotsedwa, ku Nkhoma komanso ku zipatala za maso za Lions ku Lilongwe ndi ku Blantyre amachita opaleshoni imeneyi. Choopsa kwambiri pa msinkhu umenewu ndi kugwa, choncho ikani chogwirira kubafa ndi kuchimbudzi, chotsani timikeka toterera, muwapezere ndodo ndi tochi. Kutchalitchi azipita ndi mdzukulu, kapena mulipire munthu wodalirika wowanyamula. Maphunziro afupikitsidwe, ana azibwera ochepa pa tsiku, wamkulu wina azikhala pafupi. Kuiwala kukadzabwera mwadzidzidzi, kapena pakamwa kupotoka, mawu kulemera, dzanja kufooka, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa imeneyo ikhoza kukhala sitiroko.

Koma musanachite chilichonse mwa izi, aimbireni foni eni ake. Osati azakhali, osati amalume, iwowo. Muwafunse kuti, "Agogo, inuyo mukufuna chiyani? Chikukulemerani n'chiyani?" Mwina adzakuuzani okha kuti kuimba mapemphero awiri pa tsiku kwawakulira, atsale ndi amodzi. Mwina ali kale ndi mwana amene akumukonzekeretsa kudzatenga mpando wawo, ndipo akungofuna chaka china kuti amalize naye. Agogo anga akanafunsidwa, ndikudziwa kuti akanavomera kupita ku Lilongwe, koma akanati piyano ikwere lole yoyamba, iwo atsatire pambuyo.

Chinthu china, chimene ife tinachichedwerera ndipo palibe chotsala. Makope a agogo, aja munali nyimbo zolembedwa m'mawu anayi, anatsala m'nyumba ya ku Zomba ndipo anapita limodzi ndi piyano. Munali nyimbo zina za maliro ndi za ukwati zimene sizili m'buku lililonse, zimene iwo anazimva kwa amayi akale a Mvano n'kuzilemba. Tumani mdzukulu amene ali ndi foni yabwino ajambule tsamba lililonse la makope a agogo anu mwezi uno, ndipo aziwajambulanso akuimba ndi pamene akuphunzitsa, mawu ndi zala zomwe. Azikutumizirani pa WhatsApp, inu muzisunga malo awiri.

Ngati kiyibodi yawo yatopa ndipo mukufuna kuwagulira ina, sankhani yoti ikhoza kugwiranso ntchito ndi mabatire, chifukwa magetsi akazima phunziro lisaime. Ikhale yomva kukanikiza, yoti ukagunda pang'ono ilire pang'ono, ukagunda kwambiri ilire kwambiri, apo ayi mwana saphunzira kulamulira zala. Muikemo chopondera chake, choikirapo buku ndi adaputa yapadera, popeza adaputa ndiyo imayamba kupsa. Mukamaitumiza pa basi muikulunge m'bulangete m'kati mwa katoni yake, ndipo mumuuze kondakitala asaikepo katundu wina pamwamba.